KUIKA PULOGALAMU PA INTANETI POPANDA KUGULA SEVA

Nkhani yathu ya lero ikhudza anyamata ndi atsikana amene aphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndiponso akuluakulu amene amawapatsa ndalama zoyambira nchito. Tinene kuti mnyamata walemba kapulogalamu kosungira maina a anthu a gulu lothandizana pa maliro, pamodzi ndi ndalama zimene yense wasonkha. Pa kompyuta yace kayenda bwino, koma eni gululo ali ena ku Kitwe, ena ku Luanshya, ena ku Lusaka, ndipo onse afuna kuona msonkho wao pa foni. Kodi acite ciani?

Kale njira inali kugula kapena kubwereka kompyuta yochedwa seva, yoyaka usana ndi usiku, ndi kuilipirira mwezi ndi mwezi ngakhale kulibe woigwiritsa nchito. Masiku ano ilipo njira yina, ndipo kuti tiimve bwino tiyambe ndi kontena.

Nonse mudziwa mabokosi acitsulo aja amayenda pa malole ndi pa njanji. M'caka ca 1956 Malcom McLean wa ku Amerika anakweza mabokosi otere 58 pa combo cochedwa Ideal X, kucokera ku Newark kunka ku Houston. Kufikira nthawi imeneyo katundu ankakwezedwa thumba limodzilimodzi. Ubwino wa bokosi ndi wakuti wonyamula safunsa za m'kati, angodziwa pogwira. Nzeru yomweyi inafala pakati pa olemba mapulogalamu m'caka ca 2013, pamene cipangizo cochedwa Docker cinaturuka. Pulogalamu imamangidwa mtolo umodzi pamodzi ndi zonse zimene ifuna kuti iyende, ndipo mtolowo uyenda cimodzimodzi pa kompyuta iri yonse yodziwa kulandira makontena.

Makontena akaculuka afuna kapitao. M'caka ca 2014 kampani ya Google inaturutsa Kubernetes, pulogalamu yogawira makontena pa gulu la maseva ambiri. Koma kuiyendetsa kufuna katswiri. Cotero makampani anayamba kusenza okha mtolo umenewo. Amazon inatsegula Fargate mu 2017, ndipo Google inatsegula Cloud Run mu 2019. Nchito yotere amaicha serverless, monga kunena kuti palibe seva. Musanyengedwe ndi dzinali: maseva alipo ndithu, zikwizikwi, m'nyumba zazikuru, koma kuwakonza ndi kuwalonda si nchito yanu.

Tsopano titsate mapazi a mnyamata uja pa Cloud Run. Coyamba alemba kakalata kochedwa Dockerfile, konena maziko omangapo, mafayilo olowetsa m'bokosi, ndi lamulo lodzutsira pulogalamu. Caciwiri amanga mtolowo, nauyesa pa kompyuta yace, nautumiza ku nkhokwe ya Google yochedwa Artifact Registry. Cacitatu alemba lamulo lakuti gcloud run deploy, nachula dzina la pulogalamu, mtolo wace, ndi dera kumene ikakhale. Dera asankhe lapafupi ndi anthu ace, pakuti uthenga woyenda mtunda wautali ucedwa. Google inatsegula dera lace loyamba la mu Afrika ku Johannesburg m'caka ca 2024. Patapita kanthawi kocepa apatsidwa keyala ya pa intaneti yothera ndi run.app, imene angatumize kwa anzace onse.

Pali lamulo limodzi limene ongoyamba amapunthwapo. Pulogalamu iyenera kudikira alendo pa khomo limene Cloud Run yaiuza kudzera m'dzina lakuti PORT, ndipo mwini akapanda kusintha, khomolo ndi nambala 8080. Ikadikira pa khomo lina, Cloud Run igogoda osayankhidwa, niyesa kuti kontenayo yalephera kudzuka.

Nanga kayendedwe kace? Pamene kulibe wofunsa, makontena onse azimitsidwa, ndipo pa nthawi imeneyo simulipira za makina. Munthu akatsegula keyala ija, kontena imodzi idzutsidwa. Kontena yaing'ono, mwini akapanda kusintha, ilandira mafunso mpaka 80 pa nthawi imodzi. Akapitirira, inanso idzutsidwa, monga kapitao aitana amuna ena nchito ikakula, nawabweza ikatha. Nthawi yolipira iwerengedwa m'timagawo ta sekondi. Mtengo wa ubwino umenewu ndi wakuti woyamba kufika pamene zonse zinali m'tulo adikira pang'ono. Wosafuna kudikirako angalamule kuti kontena imodzi ikhale maso nthawi zonse, koma adzailipira.

Mvetsetsani tsono macenjezo atatu, pakuti apa ndi pamene pagona ndalama za anthu.

Loyamba: kontena siikumbukira. Ciri conse colembedwa m'kati mwace cifafanizika ikazimitsidwa. Mnyamata akasunga kaundula wa msonkho m'kontena momwemo, tsiku lina adzapeza muli mbee, ndipo pa maliro padzabuka mkangano wa amene anasonkha ndi amene sanasonkhe. Kaundula akhale kunja, m'nkhokwe ya nkhani yochedwa database, imene iri ndi mtengo wacewace.

Laciwiri: makontena amaculuka okha, ndipo ngongole iculuka nao. Anthu ambiri akabwera mwadzidzidzi, kapena woipa mtima akatumiza mafunso osaleka, makina sadzafunsa ngati m'thumba muli kanthu. Ikani malire a makontena ololedwa kudzuka, awiri kapena atatu pa nchito yaing'ono. Mungapemphenso kuti akucenjezeni ndalama zikafika pakuti, koma dziwani kuti cenjezolo ndi belu cabe, silitseka mpope.

Lacitatu: mau acinsinsi otsegulira database asalowe mu mtolo, cifukwa yense wopeza mtolowo angawawerenge. Ali ndi posungira pao pochedwa Secret Manager. Ndiponso keyala ikatsegulidwa kwa anthu onse, pulogalamu yeniyeniyo iyenera kufunsa wolowa kuti ndiye yani, kuti maina ndi ndalama za anzanu zisaonedwe ndi wodutsa m'njira.

Cotonthoza mtima ndi cakuti Cloud Run isunga kope la kusintha kuli konse. Catsopano cikabvuta, mwini abwezera alendo ku cakale osamanganso kanthu.

Motero inu akuluakulu a magulu, mwana akabwera kudzapempha ndalama za nchito yotere, simufunika kudziwa kulemba pulogalamu. Mfunseni zitatu: kaundula wathu akhala kuti, malire a ngongole waika pati, ndipo ndani angathe kuona maina athu? Akayankha momveka, mpatseni. Tsalani bwino.