Kodi Ng'ombe Yaikazi Siikoka Ngolo?

Chakumapeto kwa chaka cha 1879, pa Cape Maclear, pamene Mishoni ya Livingstonia inayambira ntchito yake mu 1875, panafika mlendo wochokera ku Scotland, dzina lake Jane Waterston. Mayi ameneyu sanadze monga mkazi wa mbusa kapena mlongo wa mmishonale wina ayi. Anadza yekha, ali dokotala wophunzira bwino, m'masiku amene akazi odziwa ntchito imeneyi anali owerengeka ngakhale ku Ulaya komwe. Anali atagwira kale ntchito yoyang'anira sukulu ya atsikana ku Lovedale, m'dziko la South Africa, kuyambira mu 1867, ndipo pambuyo pake anapita ku London kukaphunzira za mankhwala, ali ndi cholinga chimodzi chokha: kudzathandiza odwala kuno kwathu.

Koma chiyembekezo chake sichinakhalitse. Amuna amene anawapeza pa mishoni sanamlandire monga mnzao wolingana nao pa ntchito, ndipo maganizo ake sanali kuwerengedwa kanthu. Iyenso mtima unamuwawa poona m'mene azungu ena anali kuchitira ndi anthu akuda. Chaka chisanathe n'komwe, mu 1880, anatula pansi ntchito nabwerera ku Lovedale. Mu 1883 anakakhazikika ku Cape Town, kumene anachiritsa anthu zaka zambirimbiri, makamaka amayi osauka, kufikira imfa yake mu 1932.

Tsono tidzifunse: anataya mwai ndani? Mayi uja anakapeza ntchito ndi ulemu kwina. Amene anataya ndiwo odwala a m'mbali mwa nyanja, ndi amayi obvutika pobereka, amene dokotala wao anachoka ali ndi nzeru zake zonse m'mutu. Nkhani imeneyi ndi ya m'banja lathu lomwe la Chipresbiteriya, ndipo itiphunzitsa chinthu chimodzi chimene sitiyenera kuchiiwala: pamene mkazi atsekerezedwa pa ntchito imene Mulungu anampatsira mphatso, wolangika si iye yekha, koma mudzi wonse.

Mwambi umene tinaulandira osaufunsa

Makolo athu anatisiyira miyambi yambiri yanzeru, koma ulipo umodzi wofunika kuuunika bwino, uja wakuti ng'ombe yaikazi siikoka ngolo. Ambiri amautchula pofuna kunena kuti ntchito yolemera ndi udindo waukulu si za mkazi. Komatu aliyense wokulira kumudzi adziwa kuti mwambiwu sugwirizana ndi zimene maso amaona. Amene amadzuka tambala woyamba kukatunga madzi ndani? Amene amalima, kupalira, kubandira, kukolola, kusinja, kupeta ndi kusenza mtolo wa nkhuni, mwana ali kumbuyo, ndani? Ngolo ya banja la Chimalawi yakhala ikukokedwa ndi amayi kuyambira kale lomwe. Chimene chakhala chikusowa si mphamvu zao, koma malipiro ndi ulemu wolingana ndi thukuta lao.

Taonani pa ulimi wa fodya. Mayi amagwira nao ntchito kuyambira ku nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kufikira kusankha masamba m'chigafa. Koma kawirikawiri dzina lolembedwa pa mabelo ndi la bambo, ndipo ndalama zikatuluka ku okushoni zimafikira m'thumba la bambo. Pali mabanja ambiri oopa Mulungu amene amakhala pansi nagawa bwino ndalamazo. Koma alipo enanso amene mayi amangomva mbiri kuti fodya anagulidwa, napatsidwa chitenje chimodzi monga mphotho ya chaka chathunthu.

Taonaninso m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, m'masitolo a m'tauni, m'maofesi ndi m'nyumba za olemera. Akazi achuluka pa ntchito za pansi: kuthyola, kusesa, kuchapa, kulera ana a eni, kulandira alendo. Koma tikakwera kufika pa ukapitao ndi pa mipando ya oweruza zinthu, nkhope za akazi zimanka zichepa. Mtsikana wogwira ntchito ya m'nyumba ndiye ali pa tsoka loposa, pakuti nthawi zambiri alibe pangano lolembedwa, alibe tsiku lopuma, ndipo akadwala kapena akakhala ndi pakati amangouzidwa kuti amange katundu.

Chimene malamulo a dziko anena

Awerengi ambiri sadziwa kuti pa nkhani imeneyi malamulo a dziko lathu anayankhula kale momveka. Mu 1965, chaka chimodzi chokha chipatsidwire ufulu wodzilamulira, Malawi anabvomereza pangano la maiko la mu 1951 lonena kuti mwamuna ndi mkazi alandire malipiro ofanana pa ntchito yolemera mofanana. Malamulo aakulu oyendetsera dziko a mu 1994 analetsa tsankho lililonse losiyanitsa anthu chifukwa chakuti wina ndi mwamuna kapena mkazi.

Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 linabwereza mfundo ya malipiro ofanana, ndipo linaonjeza kuti mayi woyembekezera apatsidwe tchuthi chokachira cha masabata osachepera 8, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, akulandira malipiro ake onse. Ndipo kumchotsa ntchito chifukwa cha pakati ndi mlandu. Mu 2013 kunadza lamulo lina lofananitsa amuna ndi akazi, limene linalamula kuti polemba anthu ntchito za boma, mbali imodzi isachepere 40 kapena kupitirira 60 pa anthu 100 alionse. Lamulo lomwelo linaika chilango pa munthu wobvutitsa mnzake ndi zachiwerewere pa malo a ntchito. Ndipo mu 2021 abambo naonso anapatsidwa tchuthi cha masabata awiri mwana akabadwa, kuti akathandize kunyumba.

Malamulo ndi abwino ndithu, koma lamulo lokhala m'buku lokha lili ngati khasu lopachikidwa kudenga: silima munda. Mayi amene sadziwa kuti angathe kukadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma lake, kapena ku khoti loweruza milandu ya pa ntchito, amangolira chamumtima. Ndipo ambiri, ngakhale adziwe, amaopa kuti akayankhula ntchito iwathera, ana nagona ndi njala.

Msampha umene suutchulidwa

Pali chinthu china chochititsa manyazi chimene tiyenera kuchitchula, ngakhale mwambo wathu sukonda kukamba zotere poyera. Alipo mabwana ena amene amagulitsa ntchito ndi thupi la munthu. Mtsikana watsiriza maphunziro ake, makolo anagulitsa mbuzi ndi mtedza kuti amlipirire fizi, koma pofika pa khomo la ofesi amauzidwa kuti makalata ake sakwanira pokhapokha atabvomera zina. Akakana, ntchito imapita kwa wina. Akabvomera, wataya ulemu wake, mwinanso moyo wake. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti nkhani ikaululika, mudzi ndi mpingo womwe timafulumira kuloza chala mtsikanayo, pamene bwana uja Lamulungu amakhala pa mpando wa kutsogolo m'tchalitchi, atabvala jekete lake. Abale, tchimo ili ndi la wamphamvu wodyera wofooka, ndipo aneneri a Chipangano Chakale sanaleke kudzudzula machimo otere.

Nanga Mau a Mulungu atani?

Ena amati malo a mkazi wa Chikhristu ndi kukhitchini basi, namayesa kuti akunena za m'Baibulo. Koma tikatsegula Buku Lopatulika tipeza zina. Pa Miyambo 31, mkazi wotamandidwa uja sangophika kokha: amagula munda, amaoka mipesa, amaomba nsalu nazigulitsa kwa amalonda, ndipo mwamuna wake sachita naye nsanje koma amamtama. Pa Oweruza 4 tipeza Debora akuweruza Israyeli yense, amuna akudza kwa iye ndi milandu yao. Pa Numeri 27, ana aakazi asanu a Tselofekadi anaimirira pamaso pa Mose kupempha cholowa cha atate wao, ndipo Mulungu mwini anati anena zoona, lamulo nilisinthika chifukwa cha iwo.

M'Chipangano Chatsopano, Lidiya wa ku Tiyatira anali wamalonda wogulitsa nsalu za mtengo wapatali, ndipo nyumba yake ku Filipi ndiyo inalandira Paulo ndi anzake. Priskila anali kusoka mahema pamodzi ndi mwamuna wake Akula, ndipo onse awiri anamlongosolera Apolo njira ya Mulungu. Luka atiuzanso kuti akazi ena anatumikira Ambuye Yesu ndi ophunzira ake ndi chuma chao. Tsono ngati Mwini mpingo sanachite manyazi kudya za thukuta la akazi, ife ndife yani kuti tipepule thukuta lomwelo? Ndipo kalata ya Yakobo ichenjeza kolimba olemba anthu ntchito amene amabisa malipiro a antchito ao. Chenjezo limenelo silisankha kuti wantchitoyo ndi mwamuna kapena mkazi.

Amene anaikoka ngolo

M'dziko lathu lomwe alipo amayi amene anautsutsa mwambi uja ndi ntchito zao. Mayi Rose Chibambo anasonkhanitsa amayi pomenyera ufulu wa dziko lino m'zaka za m'ma 1950, anamangidwa mu 1959, ndipo anakhala mayi woyamba kulowa m'Nyumba ya Malamulo. Mu 2012 nkhope yao inaikidwa pa ndalama ya K200. Mayi Vera Chirwa ndiwo anali loya woyamba wamkazi wa Chimalawi. Mayi Joyce Banda anatsogolera dziko monga Pulezidenti kuyambira 2012 kufikira 2014. Mayi Anastasia Msosa anakhala mkulu wa oweruza onse mu 2013, ndipo mu 2019 Mayi Catherine Gotani Hara anasankhidwa kukhala Sipikala woyamba wamkazi.

Koma tisaime pa maina otchuka okha. Tikumbukire anamwino ndi azamba a m'zipatala zathu za mishoni, amene amachezera usiku wonse kuti ena akhale ndi moyo. Aphunzitsi aakazi a m'sukulu za kumidzi. Ndi amayi a Chigwirizano, a Mvano ndi a Umanyano, amene amayendera odwala, kutonthoza ofedwa ndi kusonkha ndalama zomangira matchalitchi. Mpingo wopanda manja amenewa sukanaima ngakhale mwezi umodzi.

Tiyambire pati?

Choyamba, tiyambire m'nyumba mwathu, pakuti tsankho la ku ntchito limabadwira pa khomo. Mwana wamwamuna akaweruka ku sukulu amatenga mabuku kapena mpira. Mlongo wake amatenga ndowa ndi mtondo. Ndalama ya fizi ikaperewera, wotsala kunyumba amadziwika kale. Pofika tsiku lofuna ntchito, mtsikana amapezeka ali m'mbuyo, ife n'kumati akazi alibe nzeru, pamene tinamtchera ndale ndife. Boma linatsegula njira mu 1993 kuti mtsikana amene anachembeza abwerere ku sukulu, ndipo mu 2017 malamulo aakulu anakonzedwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Kwatsala ndi kwa ife makolo: tigawe ntchito za pakhomo mofanana, ndipo tisagulitse tsogolo la mwana chifukwa cha umphawi wa chaka chimodzi.

Chachiwiri, inu abambo amene akazi anu ali pa ntchito: nonse mwaweruka madzulo mutatopa, si chilungamo kuti wina akhale pa mpando kumvera wailesi, wina nayamba ntchito yachiwiri ya kumoto ndi ana. Kusambitsa mwana wako sikuchotsa umuna, ndipo mau aja akuti wadyetsedwa mankhwala ndi a anthu osadziwa chikondi cha Khristu. Malipiro a mayinso si olanda pa khomo. Khalani pansi awiri, muwerenge pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu, inu amayi amene muli ndi wantchito m'nyumba: mtsikana ameneyo ndi mwana wa mayi mnzanu. Mlipireni pa nthawi yake, mpatseni tsiku lopuma ndi mpata wopita kukapemphera. Sikungathandize kudandaula za bwana wa ku ofesi pamene ife tomwe tili kupondereza wina kuseri kwa nyumba.

Chachinai, mpingo udziyese wokha. Sinodi zathu zili ndi sukulu, zipatala ndi maofesi. Ndife olemba anthu ntchito, ndipo dziko limationa. Makomiti athu adzifunse moona mtima: kodi polemba ntchito ndi pokweza anthu timayang'ana luso kapena timayang'ana chibadwidwe? Kodi mayi wodandaula ali ndi khomo logogodapo popanda mantha? Sitingathe kulalikira chilungamo pa guwa tikuchimana pa tebulo la malipiro.

Dokotala uja anachoka pa Cape Maclear mu 1880, ndipo sanabwererenso. Koma lero m'midzi mwathu, m'makalasi a Sande Sukulu ndi pa mphasa za m'nyumba zathu, muli atsikana amene Mulungu wawapatsa mphatso zonga zake. Wina wa iwo mwina ndi mwana wanu, amene madzulo ano akutsuka mbale pamene mabuku ake ali m'thumba. Ambuye atipatse maso akuona mphatso zimene Iye anagawa, ndi mtima wosatsekereza amene Iye wawaitana.