Kompyuta ikati ana onse abayidwa katemera, funsani kuti ana angati

Mwauza kompyuta kuti ikusankhireni ana amene sanalandire katemera wa chikuku, ndipo yabweza mndandanda wopanda dzina ngakhale limodzi. Musafulumire kusangalala. Yankho lotere lili ndi matanthauzo awiri.

Tiyeni tione Haskell, chinenero cholembera mapulogalamu chimene chinatuluka mu 1990. M'chinenerochi ntchito zimagwiridwa ndi timalamulo tolandira chinthu n'kubweza yankho. Kalamulo ka filter kamasefa mndandanda ngati mmene mumasefera ufa. Kakapanda kupeza chimene mukufuna, kamangobweza mndandanda wopanda kanthu. Ka sum, kophatikiza manambala, kakalandira mndandanda wotero kamayankha 0.

Koma ka head, kotenga chinthu choyamba, kakapeza mulibe kanthu pulogalamu imaima pomwepo. Ka maximum, kofufuza chachikulu pa zonse, nakonso n'chimodzimodzi. N'chifukwa chake kuyambira mu 2023, GHC 9.8, pulogalamu yomasulira Haskell, imachenjeza aliyense wogwiritsa ntchito head. Kabwinoko ndi ka find: kakapeza chinthu kamachikulunga m'mawu akuti Just, kakasowa kamanena poyera kuti Nothing, moti wolemba pulogalamu amayenera kuganiziratu chochita zikatero.

Kondiopsa ine ndi ka all, kofunsa ngati onse akukwaniritsa chimene chikufunika. Mukakafunsa ngati ana onse a m'kaundula abayidwa, pomwe m'kaundulamo mulibe mwana, kamavomera kuti True. Pa masamu sikanalakwe: kamafufuza mwana mmodzi wosabayidwa kuti kakane, ndipo sikanamupeze. Pulogalamu yoima mumaiona n'kuitana woikonza, koma yovomera mwakachetechete imakugonetsani tulo. Mwina ana onse anabayidwadi; mwinanso fomu ya mudzi umenewo idakali m'chikwama cha mlangizi wa zaumoyo.

Inu odzipereka pa ntchito zaumoyo, nkhaniyi si yachilendo. Pa malipoti a matenda ofalikira monga kolera ndi chikuku, chipatala chimayenera kulemba 0 ngakhale sabata imene sichinaone wodwala, chifukwa bokosi losiyidwa osalembamo silinena ngati odwala kunalibe kapena ngati panalibe wowawerenga.

Choncho lipoti likati mudzi wanu wamaliza katemera, funsani chiwerengero cha ana amene analowetsedwa, muchiyerekeze ndi kaundula wanu wa papepala. Makolo, tsegulani buku la kusikelo la mwana wanu, muone ngati masiku onse awiri a katemera wa chikuku alembedwamo.