Nyumba ya Lendi ku Liwonde, Ntchito ku Balaka

Mkonzi wa magazini yathu atapempha kuti aliyense alembe za chinthu chimene achidziwa bwino, ine ndinasankha kulemba za nyumba ya lendi, pakuti chibadwire sindinagonepo m'nyumba imene tingaitche yathuyathu. Ambiri a ife tikadzatsiriza sukulu sitidzabwerera kumudzi kukamanga pa malo a makolo, koma tidzapita kumene ntchito yatiitanira, ndipo kumeneko chinthu choyamba kuchifuna chidzakhala pogona. Motero ndikhulupirira kuti zimene ndaona kwathu zingathandize wina mwa inu.

Bambo anga ndi kalaliki ku Balaka, koma ife timakhala ku Liwonde, kumalekezero kwa tauni, kutali ndi msika ndi nyumba zomwera mowa. Liwonde ali m'boma la Machinga, limene kale linkatchedwa Kasupe, ndipo Balaka anali mbali ya boma lomweli kufikira chaka cha 1998 pamene anapatulidwa kukhala boma lapadera. Pakati pa matauni awiriwa pali mtunda wa makilomita pafupifupi 30. M'mawa uliwonse Bambo amawoloka mtsinje wa Shire pa Kamuzu Barrage, mpanda wa zitseko zachitsulo umene unamangidwa m'chaka cha 1965 kuti uzilamulira madzi opita ku makina a magetsi a ku Nkula ndi ena a kunsi kwake. Akangofika tsidya lina ndiye kuti atuluka m'boma la Machinga ndi kulowa m'boma la Balaka, ndipo madzulo amabwerera njira yomweyo.

Mwina mufunsa kuti, kodi munthu wanzeru angakhalirenji kutali chotere ndi ntchito yake? Kwathu chifukwa chake nchakuti pamene Bambo anasamutsidwira ku Balaka, Amayi anali atakhazikika kale pa malonda awo a mpunga ndi nsomba zouma pa msika wa Liwonde, ndipo ang'ono anga awiri anali pakati pa maphunziro awo a pulayimale. Kusamuka tonse kukanapha malonda a Amayi, pakuti wogulitsa amadya ndi anthu omuzolowera. Tsono Bambo anati nkwabwino kuti munthu mmodzi aziyenda kusiyana ndi kuzula banja lonse.

Si Bambo okha amene amachita chomwechi. Tchuthi china ndinapita nawo ku Balaka, ndipo pa siteji ndinapeza aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki ena akudikira magalimoto mdima usanathe. Liwonde ndi malo amene misewu imakumana: wina upita ku Zomba kudzera pa boma la Machinga, wina ku Ntaja, ndipo tsidya la mlatho wina upita ku Mangochi kudzera pa Ulongwe, wina ku Balaka. Palinso njanji yochokera ku Nkaya kupita ku Nayuchi, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1970, ndipo chipatala chachikulu cha boma la Machinga chili pa Liwonde pomwepo. Zimenezi ndizo zimakokera anthu kuti apeze nyumba pamenepo ngakhale ntchito ili kwina. Mkhalidwe umenewu uliponso m'mizinda yaikulu: ena amagona ku Lunzu namagwira ntchito mu Blantyre, ena ku Lumbadzi namagwira ntchito mu Lilongwe, ndipo ku London anthu ochuluka amalowa mumzinda m'mawa pa sitima za pamtunda ndi kutulukamo madzulo.

Tsopano ndifotokoze za kapezedwe ka nyumba. M'matauni aang'ono ngati athuwa nyumba yabwino siilengezedwa m'nyuzipepala. Imamveka pakamwa, kutchalitchi, kumzikiti, pamsika kapena kuntchito. Aliponso anyamata amene ntchito yawo ndi kusakira anthu nyumba, koma amafuna kulipidwa, ndipo munthu wochenjera sapereka ndalama asanaione nyumbayo ndi maso ake ndi kuonana ndi mwini wake weniweni. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi iwiri kapena itatu munthu asanalowe, kotero kuti wongoyamba kumene ntchito ayenera kusungiratu ndalama kapena kugona kwa mbale wake poyembekeza malipiro.

Bambo ali ndi lamulo lawo limene anandiphunzitsa, lakuti nyumba uziiona nthawi ya dzinja. M'chilimwe nyumba iliyonse imaoneka yabwino, koma mvula ndiyo imaulula malata odontha, chimbudzi chodzaza madzi ndi njira imene imasanduka khwawa. Ngati mukufuna nyumba m'chilimwe, yang'anani zipupa m'munsi. Mukaona mzere wa chinyezi kapena pulasitala woyoyoka, dziwani kuti madzi amafika pamenepo. Ku Liwonde zimenezi nzofunika kwambiri, popeza malo ena ndi otsika ndi oyandikana ndi madambo a Shire. Tinaziona m'mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba zambiri m'chigawo cha kummwera: nyumba za njerwa zosawotcha zomangidwa pamalo otsika ndizo zinavutika koposa. Onaninso mazenera ngati ali ndi sefa yotchinga udzudzu, ndiponso ngati pabwalo pali mtengo wamthunzi, pakuti kutentha kwa Liwonde m'mwezi wa Okutobala kumagoneka anthu pakhonde.

Chachiwiri ndi madzi ndi magetsi. Funsani ngati nyumbayo ili ndi mpopi wakewake wa Southern Region Water Board kapena ngati mudzatunga pa mjigo, ndipo ngati mpopi ulipo, onani kuti amene anatuluka sanasiye ngongole. Magetsi a ESCOM m'nyumba zambiri ndi olipiriratu, ndiye kuti munthu amagula mayunitsi ndi kuwalowetsa mu mita. Njira imeneyi njabwino ngati mita ili yanuyanu, koma pamene mabanja atatu kapena anayi adalira mita imodzi, mikangano siichedwa, chifukwa wina ali ndi nyale ziwiri zokha pamene mnzake ali ndi simbi ndi firiji, koma onse auzidwa kusonkha mofanana.

Chachitatu ndi pangano. Ife tinaphunzira zimenezi titapwetekeka. M'nyumba imene tinkakhala poyamba, Bambo anakonza chitseko ndi kuika simenti pansi ndi ndalama zawo, atagwirizana pakamwa ndi mwini nyumba kuti ndalamazo zidzachotsedwa pa lendi. Nyumba itakongola, mwini wakeyo anakana kuti sananenepo zotero, napereka mwezi umodzi wokha kuti tituluke, pakuti anali atapeza wina wolipira zambiri. Panalibe pepala, panalibenso mboni, ndipo tinasamuka mvula ikugwa, katundu ali pa ngolo. Kuyambira pamenepo Bambo salowa m'nyumba popanda kulemberana. Pepalalo silifuna mawu ovuta: lingonena lendi yake, tsiku lolipira, amene adzakonza chikawonongeka chinthu, ndi kutalika kwa nthawi yochenjezana wina akafuna kutuluka kapena kukweza lendi. Onse awiri asayine pamaso pa mboni, ndipo ndalama iliyonse yoperekedwa ilembedwe m'kabuku.

Koma chachikulu koposa zonse, chimene ambiri amachiiwala, ndi masamu a ulendo. Munthu wogwira ntchito masiku 22 pa mwezi amayenda maulendo 44, kupita ndi kubwera. Kwa Bambo, maulendo 44 a makilomita 30 ndiwo makilomita 1,320 pa mwezi. Tingoyerekeza kuti ulendo umodzi pa minibasi ndi K3,000. Pa mwezi zikwana K132,000. Motero nyumba ya kutali ikhala yotsika mtengo pokhapokha lendi yake ndi ndalama zoyendera, zitaphatikizidwa, zichepera lendi ya nyumba ya pafupi ndi ntchito. Pamwamba pa zimenezi muikepo ndalama ya kabaza ngati nyumba ili kutali ndi msewu, ndi chakudya cha masana, popeza wokhala kutali sangapite kukadya nsima kwawo. Aphunzitsi athu a masamu akondwere kumva kuti Bambo amawerengera zimenezi pa pepala chaka ndi chaka.

Masamu amenewa anatsala pang'ono kutichotsa ku Liwonde. M'mwezi wa Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mafuta a galimoto anakwera mtengo, ndi mitengo ya maulendo yomwe. Nditafika kwathu pa tchuthi cha Khirisimasi ndinapeza Bambo ndi Amayi akukambirana usiku ngati Bambo apeze chipinda chimodzi ku Balaka ndi kumabwera kwathu Loweruka lokha. Amayi sanafune, pakuti anati nyumba ziwiri ndi miphika iwiri, ndipo ana ofunika maso a bambo wawo ndi amene akukulawa. Nthawi yomweyo eni nyumba yathu ya tsopano, amene ndi mayi achikulire amasiye, anatumiza mawu akuti lendi ikwera. Bambo anavala jekete napita kukawaona, ine ndili pambuyo. Atapatsana moni Bambo anati, "Mayi, sindikukana kuti zinthu zakwera, inunso mumadya pa nyumba yomweyi. Koma mukakweza zonse pa kamodzi, ife tituluka, ndipo simudziwa amene adzalowa." Agogowo anatenga kabuku ka lendi, naona kuti pa zaka zonse sitinadumphepo mwezi, ndipo anati, "Bambo, ndamva. Tikweze theka tsopano, theka linalo tidzaonane pokolola." Umo ndi mmene tinakhalira. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti kulipira pa nthawi yake ndi chuma chimene wa lendi amadzisungira kwa mwini nyumba.

Nanga bata limene tikulilipira chotereli ndi lotani? Kwa ine amene ndimachokera ku chipinda chogona anyamata ambiri, kumene belu ndi phokoso sizitha, kufika kwathu kuli ngati kutula katundu. Usiku sikumveka zoimbaimba za kumabala. Kumangomveka achule, sitima ikamadutsa, ndipo mphepo ikachokera kumtsinje timamva mvuu zikulira, pakuti nkhalango yosungira nyama ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1973, siili kutali. Ang'ono anga amawerenga mosasokonezedwa, Amayi ali ndi kadimba ka mpiru ndi tomato kuseri, ndipo tili ndi nkhuku zochepa, zimene pakati pa tauni sitikanaweta.

Komabe ndikadanama ndikanati zonse nzokoma. Dera la anthu oyendera ntchito limakhala lopanda anthu masana, ndipo akuba amadziwa zimenezi. Nchifukwa chake mabanja a kwathu amauzana akamachoka ndi kusiyirana maso. Munthu akadwala usiku, galimoto siipezeka msanga. Mafuta akasowa, monga zinachitikira m'chaka cha 2024, Bambo amaima nthawi yaitali pa siteji, ndipo amafika kwathu ana atagona. Mng'ono wanga wotsiriza amawaona bwinobwino Loweruka ndi Lamulungu basi. Ndiponso wa lendi amakhala ngati mlendo nthawi zonse: sangabzale mango nayembekeza kudzadya zipatso zake. Chimene chimachepetsa ulendowu ndi kukhala bwino ndi anansi. Titangolowa, Bambo anakadziwonetsa kwa amfumu a deralo, ndipo Amayi salephera kupita pa maliro kapena kusonkha ufa, kaya wamwalirayo ndi Mkhristu kaya Msilamu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Potsiriza, anzanga, makamaka inu a Folomu 4 amene mwatsala pang'ono kutisiya, musadzachite manyazi ndi nyumba ya lendi, koma musadzailowenso mwachimbulimbuli. Muione nthawi ya mvula, mufunse za madzi ndi mita, mulemberane ndi mwini wake, ndipo muwerengere lendi pamodzi ndi ulendo musanapereke tambala. Bambo tsopano akulipira pang'onopang'ono kapuloti kakang'ono pamalo okwera, ndipo tchuthi chikubwerachi ine ndi ang'ono anga tiyamba kuumba njerwa. Amayi anena kale kuti tsiku loyamba kufika pamenepo adzabzala mtengo wa mango.

Mnyamata wa Folomu 3