Ntchito Ilipo, Pogona Palibe

Zitsime za mafuta zitachuluka ku North Dakota, m'dziko la Amereka, cha m'ma 2008, oyendetsa malole anakhamukira ku mzinda wa Williston. Ntchito siinali yosowa ayi, pakuti chitsime chimodzi chokha chinkafuna maulendo mazanamazana otuta mchenga ndi madzi oswera thanthwe la pansi.

Chosowa chinali pogona. Mzinda umene mu 2010 unali ndi anthu osakwana 15,000 ukanalandira bwanji khamu lonselo? Lendi inakwera modetsa nkhawa. Amuna olandira malipiro osiririka ankagona m'malole momwemo, kunja chisanu chikuumitsa madzi, mabanja awo ali kutali. Mtengo wa mafuta utagwa kumapeto kwa 2014, ena ntchito inawathera asanapeze n'komwe nyumba yoitaniramo akazi ndi ana.