FONI SIBISA WOGULITSA CHAMBA

Masiku ano malonda ambiri a m'midzi ya kwa Njewa, ku Mpingu, ku Namitete ndi ku Nsaru ayenda pa foni. Munthu akafuna kugulitsa mbuzi aijambula, natumiza chithunzi pa WhatsApp, ndipo wogula amlipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba asanaonane nkomwe. Zimenezi nzabwino. Koma alipo ena amene aganiza kuti njira yomweyo angagulitsirepo chamba ndi mankhwala ena oletsedwa, namati popeza sanaime pa msika ndi katunduyo, lamulo silingawapeze. Maganizo otere ngolakwa, ndipo mwezi uno tifuna kulongosolera owerenga athu chifukwa chake.

Lamulo loletsa mankhwala oopsa, limene pa Chingerezi litchedwa Dangerous Drugs Act, si latsopano iai. Linayamba kugwira ntchito mu 1956, dziko lino likali kutchedwa Nyasaland. Liletsa kulima chamba, kuchisunga, kuchigulitsa ndi kuchitumiza kunja popanda chilolezo. Lamuloli silifunsa kuti malondawo munapanganirana kuti. Kaya munakumana kuseri kwa chigayo, kaya munalemberana pa Facebook, mlandu ndi umodzimodzi. Chilango chachikulu chimene khoti lingapereke ndicho kukhala m'ndende moyo wonse. Si onse alandira chotere, pakuti woweruza ayamba wayang'ana kuchuluka kwa chambacho, msinkhu wa wolakwayo, ndiponso ngati nkoyamba. Komabe zaka zimene makhoti apereka si zochepa. Mu 2022 mnyamata wina wa ku Blantyre analamulidwa kukhala m'ndende zaka 8 chifukwa chopezeka ndi matumba a chamba. Anthu ambiri anadandaula kuti chilangocho chinakula, ndipo Khoti Lalikulu linachichepetsa, koma linamsiyirabe zaka 3.

Kodi Chamba Sichinaloledwe?

Funso limeneli limveka kawirikawiri, makamaka kuno kwathu, chifukwa mbeu ya chamba cha m'mafakitale inayesedwa pafupi pompano, pa malo ofufuzira za ulimi a Chitedze, lamulo latsopano lisanakhazikitsidwe. Ena atamva zimenezo anangoti basi, Boma lalola.

Zoona zake ndi izi. Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lotchedwa Cannabis Regulation Act. Lamuloli lilola kulima chamba chopangira mankhwala a chipatala, nsalu, mafuta ndi zina zotere, koma kwa okhawo amene alandira chilolezo ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Kusuta silinalole, ndipo kugulitsa kwa osuta silinalolenso. Ndiponso lamulo lomwelo linaika chilango chake: wolima kapena wogulitsa chamba popanda chilolezo angathe kulipitsidwa K50 miliyoni ndi kumangidwa kufikira zaka 25. Tsono amene auza anzake kuti "masiku ano nzololedwa" awanamiza, kapena sanamvetse iye mwini.

Mboni Ili M'thumba Mwanu

Apa ndi pamene tifuna owerenga amvetsetse bwino. Wogulitsa chamba pa msika akachoka, palibe chotsalira. Mau amene analankhula apita ndi mphepo. Wogulitsa pa foni asiya mapazi paliponse.

Taonani nambala ya foni. Kuyambira mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe, ndipo ambiri tinalembetsa ndi chiphaso cha unzika chimene tinajambulitsa mu 2017. Munthu angathe kudzitcha dzina lina pa Facebook, naikapo chithunzi cha mkango, koma nambala yake ili ndi dzina limene anampatsa makolo ake.

Taonaninso ndalama. Kwacha iliyonse yodutsa pa Mpamba kapena pa Airtel Money ilembedwa: inachokera kwa yani, inapita kwa yani, tsiku liti, nthawi yanji, ndipo inatapidwa kwa ejenti uti. Apolisi akalandira chilolezo cha khoti angathe kuitanitsa zolembedwa zimenezi ku kampani, pamodzi ndi ndandanda wa manambala amene munthu anaimbirana nao.

Achinyamata ena ozindikira adzati, "Koma mauthenga a pa WhatsApp ngotsekedwa, palibe angawawerenge." Nzoona kuti pamene uthenga uli pa ulendo wake ngotsekedwa. Koma ukafika ukhala m'foni ziwiri, yanu ndi ya mnzanuyo. Inu mungafafanize zanu, nanga zake? Wogula akagwidwa pa rodibuloko ya pa mseu wa Mchinji, foni yake igwidwira limodzi, ndipo m'menemo muli mau anu, mtengo umene munatchula, ngakhale chithunzi cha katundu chimene munajambulira pa khonde la nyumba yanu. Munthu amene ali m'manja mwa apolisi sachedwa kutchula mnzake. Komanso pa intaneti simudziwa amene mulankhula naye. Wofunsa mtengo mwaulemu uja angathe kukhala wapolisi.

Kale wina akadatha kunena kuti za pa foni si umboni. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 linatseka khomo limenelo. Linena kuti uthenga wa pa foni kapena pa kompyuta ungalandiridwe m'khoti, ndiponso liletsa kuchitira malonda oletsedwa pa intaneti. Motero wogulitsa pa foni angathe kuyankha milandu iwiri m'malo mwa umodzi.

Ngakhale akatswiri a makompyuta analephera kubisala. Ku America mnyamata wophunzira kwambiri, Ross Ulbricht, anatsegula msika wobisika wa mankhwala oletsedwa pa intaneti, wotchedwa Silk Road, mu 2011. Ogula ndi ogulitsa sanali kudziwana maina, ndipo anali kulipirana ndi ndalama ya pa kompyuta yotchedwa Bitcoin. Chimodzi mwa zimene zinamuulula ndi uthenga wakale umene analemba pa intaneti naikapo keyala yokhala ndi dzina lake lenileni. Anamgwira mu October 2013 m'nyumba yowerengeramo mabuku ku San Francisco, kompyuta yake ili chitsegulire, ndipo mu 2015 analamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse. Anatuluka mu January 2025 atakhululukidwa ndi Pulezidenti Donald Trump, atakhalamo zaka zoposa 11. Ngati uyu anapezeka, nanga mnyamata wa ku Kabudula wokhala ndi foni ya m'manja yolembetsedwa m'dzina la amai ake?

Olowa M'mlandu wa Eni

Nkhani ya dzina la amai ake ija si nthabwala. Ife tiona kuti choopsa chachikulu kwa anthu a m'midzi chili pomwepa. Makolo ambiri abwereketsa chiphaso chao kwa mwana kapena mphwao kuti akalembetsere nambala, osafunsa ntchito yake. Nambalayo ikapezeka m'mlandu, apolisi ayamba kufika pa khomo la mwini dzina. Mwina pambuyo pake adzapezeka wosalakwa, koma adzakhala atayenda maulendo ambiri ku polisi ndi ku khoti ku Lilongwe, nthawi ya kupalira ikutha.

Chimodzimodzi a kabaza ndi makondakitala a minibasi amene alandira phukusi lomata bwino, nauzidwa kuti wina adzawaimbira akafika ku depoti. Wotumizayo ali kwao, wolandirayo sanafike, chamba chili m'manja mwa wonyamula. Kudzamvuta kwambiri kukhutiritsa khoti kuti sanadziwe, makamaka ngati analipidwa ndalama yoposa ya masiku onse. Phukusi limene mwini wake akana kulitsegula pamaso panu, likaneni.

Za katundu nazo zilipo. Lamulo la Financial Crimes Act la mu 2017 lilola khoti kulanda chuma chimene munthu anachipeza ndi ndalama za mlandu. Njinga yamoto, malata, ngakhale ng'ombe zingathe kupita, banja nkutsala lopanda kanthu bambo ali ku Maula.

Kwa abale athu a ku Joni tingonena mwachidule. Mu 2018 khoti la ku South Africa linalola munthu wamkulu kusuta kwa yekha m'nyumba mwake, koma kugulitsa silinalole. Kutumiza chamba kuchokera kuno kupita kumeneko ndi mlandu m'dziko lililonse limene katunduyo adutsamo, ndipo womangidwa kunja akhala m'ndende ya kutali kumene abale sangathe kukamuona.

Mapiritsi ndi mankhwala ena a chipatala nao ali ndi lamulo lao. Wowagulitsa ayenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo kuwatsatsa pa gulu la WhatsApp sikulowa m'malo mwa chilolezocho.

Mafumu ndi akulu a mipingo apemphedwa kuwerengera anthu ao nkhaniyi pa misonkhano. Amene anabwereketsa chiphaso chake apite ku ofesi ya kampani ya foni akafunse manambala amene ali m'dzina lake, ndipo amene sawadziwa awatseketse. Alimi ofuna kulima chamba chololedwa ayambe afunsa alangizi a zaulimi a m'dera lao, kapena ku ofesi ya Cannabis Regulatory Authority ku Lilongwe, asanagule mbeu kwa wina aliyense.