Malipilo akalowa, ndani amayamba kudya?

Masiku othela mwezi mafoni amalila kwambili m'mabasi a mu Lusaka. Kaya mwakwelela pa Kulima Tower, pa City Market, pa Millennium kapena pa Lumumba, mudzaona munthu akuyang'ana foni yake, n'kuibweza m'thumba ikali kulila. Wina amayankha motsitsa mau: "Nili mu basi, nizakutumilani nikaseluka." Tonse timadziwa amene watuma. Ndi mwini ndalama, ndipo wamva kuti malipilo alowa.

Pa nchito yanga ya utolankhani ndimayenda m'makomboni ambili, ku Kanyama, ku Chawama, ku Mtendere, ku Chaisa, ndipo nkhani imene ndimaipeza paliponse ndi ya nkhongole. Anthu ambili sakongola kuti agule vinthu va ulemelelo. Amakongola cifukwa mwana wadwala usiku, landilodi waima pakhomo, malaiti atha, kapena kumudzi kwagwa malilo. Vuto limayamba pamene nkhongole ya mwezi watha yadya malipilo a mwezi uno, ndiye kuti mufike pa 30 mufunika kukongolanso. Munthu amauka 05:00, kulimbana ndi mzele pa siteshoni, kuseŵenza tsiku lonse, koma amene ayamba kudya thukuta lake ndi wa kaloba.

Masamu a kaloba

Tiyeni tiŵelenge pamodzi, pakuti kaloba imakonda munthu amene saŵelenga. Mtengo wodziŵika m'komboni ndi uja wakuti ukatenga K100 ubweza K150 pakutha mwezi. Mukatenga K1,000, mufunika kubweza K1,500. Mwezi ukatha mulibe yonse, mwini ndalama amakuuzani mokoma mtima kuti mupeleke cabe K500 ya pamwamba, ija K1,000 ikhale. Mumapuma, n'kumuyamika. Koma pakapita miyezi 6 mwapeleka K3,000, ndipo K1,000 ija ikali pamenepo, sinacepe ngakhale ngwee imodzi.

Dziko lathu lili ndi lamulo la obweleketsa ndalama, Money-lenders Act, Cap 398. Lamuloli limafuna kuti wocita malonda obweleketsa ndalama akhale ndi laisensi, ndipo limati ciwongoladzanja copitilila 48 pelesenti pa caka, khoti ingacione kukhala copitilila malile. Pa K1,000, imeneyo ndi K480 pa caka conse, kapena K40 pa mwezi. Kaloba ya 50 pelesenti pa mwezi imafika 600 pelesenti pa caka. Yelekezelani nokha.

Cinanso coopsa ndi cikole. Ena amasiya NRC, ena khadi ya ATM pamodzi ndi PIN, ena TV, filiji kapena sitovu. Koma cimene calilitsa mabanja kwambili ndi kusaina pepala lolembedwa kuti mwagulitsa nyumba kapena motoka, pamene inu mumtima mudziŵa kuti mwangokongola. Mukacedwa kubweza, pepala limakamba kuti munagulitsa, ndipo kutsutsa siginecha yanu ku khoti ndi nchito yaikulu. Pepala lililonse la nkhongole lizikamba kuti ndi nkhongole, ndalama zingati, kubweza liti, ndipo inunso muzikhala ndi kope yanu.

Lembani zonse pa pepala limodzi

Njila yotulukila imayambila pa cinthu cimene ambili timaopa: kuona nkhongole zonse pamodzi. Tengani buku la mwana la sukulu limene latsala masamba, mulembe aliyense amene mufunika kumubwezela, ndalama zake, za pamwamba zimene zimaonjezeka pa mwezi, ndi tsiku lobweza. Musasiye ya pa kantemba, ya amai ogulitsa malasha, ya pa foni, ngakhale ya alamu anu. Ngati muli pa banja, lembani muli aŵili. Nkhongole yobisila mkazi kapena mwamuna imadziŵika tsiku limene anthu abwela kudzanyamula sofa.

Mukalemba, muziike pa mzele. Coyamba ndi cimene cimasunga moyo ndi nchito: lendi, unga, ndalama ya basi. Munthu amene walephela kukwela basi wataya nchito, ndipo wotaya nchito sabweza nkhongole iliyonse. Cikabwela pambuyo pake ndi nkhongole imene imakula msanga kupambana zonse, ndipo kaŵilikaŵili imeneyo ndi kaloba. Zina zonse muzipelekako pang'ono kuti eni ake aone kuti simunathaŵe, koma mphamvu zonse zipite pa imodzi.

Tibwelele ku K1,000 ija. Tinene kuti mwagwilizana ndi mwini ndalama kuti ciliconse cimene mwapeleka pamwamba pa ciwongoladzanja cizicotsedwa pa nkhongole yeniyeni, ndipo mwapeza K300 yoonjezela. Mwezi woyamba mupeleka K800, nkhongole itsika kufika pa K700. Mwezi waciŵili za pamwamba ndi K350 cabe, ndiye pa K800 yanu K450 idula nkhongole, itsala K250. Mwezi wacitatu mupeleka K375, kwasila. Miyezi itatu, ndipo K800 imene inali kupita kwa munthu wina tsopano mungaiponye pa nkhongole yotsatila.

Mudzafunsa kuti K300 icokela kuti, vinthu vadula conco. Kwa ena ilipo kale, ingotuluka mosaoneka. K10 ya betting tsiku lililonse ndi K300 pa mwezi. Mabandulo ogula tsiku ndi tsiku, kamoŵa ka pa Cisanu, kugula pamela m'malo mosonkha ndi mnzanu kugula thumba lathunthu la unga, zonsezi zimadya. Kwa ena zoona palibe codula, ndipo njila ndi kugulitsa cinthu cimodzi mwa kufuna kwanu, pa mtengo wabwino, anthu asanabwele kudzacitenga pa mtengo wa nkhuku.

Musazime foni, pitani mukakambe

Ngakhale dziko lathu linapitamo. Mu November 2020 Zambia inalephela kulipila ciwongoladzanja ca madola 42.5 miliyoni pa Eurobond. Cimene cinatsatila ndi zaka za kukambilana, mpaka mu June 2023 pamene maiko amene anatikongoza anavomela ku Paris kusintha kabwezedwe ka madola 6.3 biliyoni. Ngati boma linakhala pansi ndi eni ndalama kupempha nthawi, inu ndi ine tingacite manyazi otani?

Pitani tsiku lobweza lisanafike. Kambani zoona: "Ba boss, yonse sinizakwanisa, koma K400 mwezi uliwonse nizabweletsa." Pemphani kuti za pamwamba ziime kapena zicepe. Ambili amene amabweleketsa amafuna ndalama yawo, safuna milandu. Mukagwilizana, lembani, pakhale mboni, ndipo polipila seŵenzetsani mobile money kapena mulandile lisiti kuti pakhale umboni.

Nkhongole za pa foni nazo zili ndi msampha wake. Zimabwela mu mphindi imodzi, popanda kuyang'anana ndi munthu m'maso, ndiye zimaoneka monga si nkhongole. Ena amaganiza kuti akataya SIM nkhani yatha. Koma SIM iliyonse inalembetsedwa pa NRC yanu, ndipo mabanki ndi makampani obweleketsa amene ali ndi laisensi amatumiza maina ku CRB, kumene kumasungidwa mbili ya mmene munthu amabwezela. K200 imene munathaŵa ingakutsekeleni citseko tsiku limene mudzafuna loni ya puloti.

Kwa aphunzitsi, manesi, apolisi ndi ena amene amadulidwa pa payslip, muziiŵelenga mwezi uliwonse, mzele ndi mzele. Dziŵani mwezi umene loni iliyonse ikutha. Ngati apitiliza kudula itatha, lembani kalata ku kampaniyo, ndipo ngati sakuthandizani, Bank of Zambia ndiyo imayang'anila mabanki ndi makampani a microfinance. Cenjelaninso ndi uja amakutumilani kuti mwayenelela top-up. Ndalama imene mulandila m'manja ndi yocepa, koma zaka zodulidwa zimayambilanso.

Cilimba, village banking ndi NAPSA

Cilimba ndi cida cabwino cifukwa cilibe ciwongoladzanja. Ngati anzanu a m'gulu amakukhulupililani, apempheni kuti mulandile kuciyambi, mukaphe nayo kaloba tsiku lomwelo, isanagone m'nyumba. Kumbukilani cabe kuti mukalandila, mwatsala ndi nkhongole kwa anzanu mpaka mzele utathe. Village banking yathandiza amai ambili a pa maliketi, koma kuloŵa magulu atatu n'kumakongola uku kuti mubweze uko ndi kaloba yovala citenge ca gulu.

Mu April 2023, lamulo linalola membala wa NAPSA amene wasonkha miyezi 60, kapena wafika zaka 45, kutengako 20 pelesenti ya zimene anasonkha. Pa lamulo limenelo mwai umenewu unali wa kamodzi cabe, ndipo ndi ndalama ya ukalamba wanu. Ngati simunatenge ndipo muganiza zotenga, pepala lija la nkhongole likhale m'manja ndalama isanaloŵe, kuti ipite kumene idzakumasulani.

Cotsala ndi cija covuta kupambana masamu: acibale ndi anzathu. Kitchen party, cilanga mulilo, komiti ya ukwati, yunifomu ya malilo, zonse zimafuna copeleka. Kuthandizana ndi mwambo wathu ndipo sitingautaye. Koma kukongola kaloba kuti dzina lanu limveke pa mndandanda wa osonkha ndi kudzimanga nokha. Mau akuti "mwezi uno nilibe, nizabwela kuthandiza kuphika" saphetsa munthu. Amene amakukondani adzamva.

Tsiku limene mwabweza yothela, musacoke cimanjamanja. Tengani NRC yanu, khadi yanu ya ATM ndi mapepala onse amene munasaina, musinthe PIN tsiku lomwelo. Ku banki kapena ku microfinance pemphani kalata yoonetsa kuti mwatsiliza. Ndipo mwezi wotsatila, ndalama imene munazoloŵela kupeleka kwa ena musaimwaze yonse. Ikani ngakhale K200 pambali, pamalo pamene dzanja silifika msanga. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwana adzadwalanso usiku, malilo adzagwanso, ndipo tsiku limenelo mudzafuna kuti pakhale pogwila, kuti musakagogodenso pa citseko ca wa kaloba.