Galu nayenso afuna mapepala

Pa Msika wa Lundazi ndinapeza amayi ena akugulitsa mapoto awo akale, galu ali chigonere pambali. Akusamukira ku Mzimba, kudzera pa boda ya Lusuntha.

"Amayi, zakasitomu mwakonza?" ndinawafunsa.

"Mwanawanga, katundu savuta. Bedi, matiresi, mbale, zonse ndalemba pa pepala loti ndikaonetse a ZRA kuno ndi a MRA kutsidya. Wandisowetsa tulo ndi Tiger uyu."

Galu sawoloka ngati thumba la chimanga. Pamafunika khadi la katemera wa chiwewe, kalata ya dokotala wa ziweto, komanso chilolezo chochokera ku Malawi. Amayiwa anazimva mochedwa, lole atalipira kale. Tiger atsala kwa mlamu wawo.

Inu osamuka, yambani mwafunsa za galu musanamange katundu.